Filimu yokhala m'chitini si filimu, ndi chitini basi

Pali kagulu ka anthu padziko pano kamene kamakhalira kusaka mafilimu achikondi akalekale, aja opangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe mu 1939, aja oti mkazi wakonda mwamuna, mwamunanso wamukonda mkaziyo, koma pakati pawo paima umphawi kapena makolo kapena matenda kapena banja la mwini, ndiye basi ndi misozi kuyambira poyamba mpaka pothera. Ineyo ndili momwemo m'kagulu kameneka, ngakhale zanga ndi za pa madiski ndi pa fulashi, osati mipukutu yeniyeni ya m'zitini imene anzathu olemera ku Ulaya ndi ku America amapikisirana. Ndipo ndili ndi mangawa ndi anzanga otolera mafilimuwa. Ambiri a iwo chimene amakonda ndi kusowa kwa filimuyo, osati filimuyo ayi. Munthu akuuza monyadira kuti ndili ndi kope loti padziko lonse ali nalo ndi anthu owerengeka, ukamufunsa kuti nanga tingaonere nawo, ayi ndithu wasintha nkhani. Ine ndikuti munthu ameneyo sakusunga filimu, akusunga chitini.

Kuti timvane bwino muyambe mwadziwa kukula kwa vutoli. Mu 2013 Library of Congress, nyumba yaikulu ya mabuku ya boma la America, inatulutsa kafukufuku wa mafilimu ataliatali osalankhula amene anapangidwa m'dzikolo kuyambira 1912 mpaka 1929, onse pamodzi pafupifupi 11,000. Anapeza kuti 70 pa 100 alionse anatayikiratu, palibe, ndipo amene anatsala athunthu mmene anawapangira ndi 14 pa 100 basi. Ameneyo ndi America, dziko la ndalama. Chifukwa chachikulu ndi chakuti nthawi imeneyo zithunzi ankazijambula pa nitrate, chinthu choti chikakalamba chimayamba kumata, kenako chimasanduka ufa, ndipo chikagwira moto ngakhale muchiviike m'madzi chimangoyakabe. Mu July 1937 nyumba yosungiramo mafilimu a kampani ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, inayaka nyengo yotentha ndipo mafilimu ambiri osalankhula a kampaniyo anathera pomwepo. Mu 1965 zinachitikanso ku kampani ya MGM. Koma tisamangonamizira moto, zina anachita dala. Kampani ya Universal mu 1948 inawononga yokha mafilimu ake ambiri osalankhula, poti ankangodya malo ndipo mu nitrate muli siliva woti angamuchotse n'kugulitsa. Kwa eni ake filimu inali katundu woti wayenda m'maholo miyezi ingapo, wabweretsa ndalama, kwatha.

Ndiye pamwamba pa zonsezi mafilimu achikondiwa anali ndi tsoka lina, lonyozedwa. Akadaulo olemba za kanema ankawatchula kuti ndi mafilimu a azimayi, oliritsa anthu opanda zochita, ndipo kunyoza kumeneko mpaka lero kudakalipo. Ukauza munthu kuti usiku wathawu ndimaonera filimu yachikondi ya 1932 amakuyang'ana ngati wadwala mutu, eti za blakanawaiti zomwe zija, zoti mkazi akukomoka chifukwa cha kalata.

Chabwino, tiyeni titenge imodzi tione ngati ndi zopusa. One Way Passage, ya 1932 yomweyo, muli William Powell ndi Kay Francis. Awiriwa akumana mu bala ku Hong Kong, amwa, aswa matambula awo n'kupingasa timiyendo ta matambulawo pa kauntala, kenako apezananso mu sitima ya pamadzi yopita ku San Francisco. Mwamunayo ndi mkaidi, wapolisi akumubweza kwawo kuti akanyongedwe. Mkaziyo ali ndi nthenda ya mtima, adokotala anamuuza kale kuti masiku ake ndi ochepa. Aliyense akubisira mnzake, ndipo posiyana agwirizana kuti adzakumane ku Mexico usiku wolowera chaka chatsopano, aliyense akudziwa kuti iyeyo sadzafikako. Pothera pake akutionetsa bala ya ku Mexico ija anthu akusangalala, ogulitsa mowa angomva kuti phwaa, matambula awiri asweka okha pa kauntala, timiyendo tapingasana, palibe munthu. Zonsezi zatheka mu ola limodzi ndi timphindi pang'ono, ndipo mkatimo muli nthabwala zambiri za akuba ndi zidakwa za mu sitimamo. Masiku ano nkhani yomweyi angaikoke masizoni atatu ndipo simungalire n'komwe.

Chinanso chimene onyozawo saona n'chakuti mafilimuwa amati ndi achikondi koma pansi pake nkhani ndi ndalama. Mu Stella Dallas ya 1937 Barbara Stanwyck ndi mayi wosaphunzira, wovala mojijirika, amene wazindikira kuti iyeyo ndi amene akutchingira mwana wake wamkazi kulowa m'banja la anthu apamwamba, ndiye achita dala zoti mwanayo amude amuchokere. Tsiku la ukwati wa mwanayo mayi waima kunja pa mpanda mvula ikumuvumba, akusuzumira pa windo, kampango kali kukamwa, wapolisi akuthamangitsa anthu kuti tiyeni tiyeni, iye akupempha kuti dikirani pang'ono ndione akupsompsonana. Ku Shanghai nakonso mu 1934 anapanga The Goddess, mmene Ruan Lingyu ndi mayi woyendayenda usiku kuti apeze fizi ya mwana wake, ndalama akubisa kuseri kwa njerwa ya pakhoma, makolo a ana ena atamva ntchito yake akakamiza sukulu kuti imuchotse mwanayo. Mufuna kundiuza kuti zimenezi ndi nkhani za anthu opanda zochita? Ruan Lingyu anadzipha mu March 1935 ali ndi zaka 24 manyuzipepala atamusautsa ndi nkhani za moyo wake, ndipo mafilimu ake angapo anatayika.

Tsopano mvetserani nkhani iyi, chifukwa ndi imene imandipweteka kwambiri. Mu 1922 kunatuluka Beyond the Rocks, filimu yokhayo imene Gloria Swanson ndi Rudolph Valentino, akatswiri awiri otchuka zedi nthawi imeneyo, anasewera limodzi ngati okondana. Mtsikana wakwatiwa ndi mkulu wachuma kuti apulumutse bambo ake ku umphawi, mtima wake uli kwa mnyamata wina, makalata awiri asinthanitsidwa mwadala ndi mkazi wansanje, mwamuna wa pakhomo walandira kalata yoti si yake. Filimuyi inasowa. Valentino anamwalira mu 1926 ali ndi zaka 31. Swanson anakhala moyo wautali, ndipo atakalamba ankalakalaka ataionanso, koma anamwalira mu 1983 osaiona. Kenako ku Netherlands kunamwalira mkulu wina wa ku Haarlem amene moyo wake wonse ankangounjika mafilimu, zitini pafupifupi 2,000, zambiri zadzimbiri zopanda ndi dzina lomwe. Katunduyo anapita ku Nederlands Filmmuseum ku Amsterdam, ogwira ntchito anayamba kutsegula chitini chimodzichimodzi, ndipo mipukutu ya Beyond the Rocks inkatulukira apa umodzi, uko umodzi, mawu ake olembedwa ali m'Chidatchi, mpaka inakwana. Anaikonza ndipo mu 2005 anthu anaioneranso ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France.

Anzanga otolera aja akamva nkhani imeneyi amaomba m'manja, amati mwaonatu, pakanapanda mkulu wouma manja uja bwenzi filimuyi kulibe. Ndipo apa sindingawatsutse, n'zoona. Kampani imene inaipanga inalibe kope ngakhale limodzi, amene anaisunga ndi munthu wamba woti mwina aneba ankamuseka kuti amatolera zinyalala. Koma ine mbali imene ndimaona ndi inayo. Filimu inakhala mu mdima zaka zonsezo anthu akuifunafuna, mwini nkhope yake mpaka kulowa m'manda, ndipo inapulumuka mwamwayi chabe chifukwa zitinizo zinapita ku malo oyenera m'malo mopita kudzala. Komanso mbali zina inapezeka itayamba kale kudyeka, ukamaonera umaona chithunzi chikuchita matuza. Akanaitulutsa kale ikanakhala yabwinopo. Ndiye timuthokoze mkuluyo chifukwa chotolera, inde, koma tisamutenge ngati chitsanzo.

Mwa njira, n'zochititsa chidwi kumene mafilimu otayikawa amapezeka. Kawirikawiri si ku Hollywood ayi, ndi kumathero a msewu, kumene kope linkafika litatopa ndipo kampani inkaona kuti kulibweza n'kuwononga ndalama. Ku Dawson City, kumpoto kwenikweni kwa Canada, mu 1978 anthu akukumba anapeza mipukutu yoposa 500 imene inakwiriridwa mu dziwe lakale losambiramo, nthaka yozizira ija n'kuisunga. Love and Duty, filimu ya 1931 ya Ruan Lingyu yemwe uja, inapezeka ku Uruguay. Ku New Zealand kunapezeka mafilimu ambiri a ku America amene kwawo anali atasowa. Ena anasungidwa ndi oyendetsa pulojekita amene anauzidwa kuti tayani, iwo n'kupita nawo kunyumba.

Ndisawapanikize kwambiri otolerawa, mantha awo ali ndi pochokera. Kwa zaka zambiri kukhala ndi kope la filimu kunyumba kunali ngati kusunga katundu wakuba, chifukwa makampani sankagulitsa makope a m'maholo, ankangobwereketsa. Mu 1974 a FBI, apolisi ofufuza a boma la America, analowa m'nyumba ya katswiri wa mafilimu Roddy McDowall n'kulanda mafilimu ake, ndipo otolera ena onse anaphunzirapo kuti pakamwa mpotseka. Tangoganizani, kampani yomwe ija inawotcha ndi kutaya katundu wake ikubwera kudzaopseza munthu amene anatola zotsalazo. Komanso makampaniwo ndi akatswiri pa kutsekera. Waterloo Bridge ya 1931, imene James Whale anapangira Universal, ikunena mosabisa za mtsikana wokhala ku London amene umphawi wa nthawi ya nkhondo yoyamba unamuika pamsewu. Kuyambira 1934 malamulo okhwima a zoyenera kuonetsa mu kanema atayamba kugwira ntchito ku Hollywood filimu yotere sikanaonetsedwanso mmene inalili, kenako MGM inagula nkhaniyo n'kupanga yake ya 1940 yoyeretsedwa bwino ndi Vivien Leigh, yoyamba ija n'kukhala yobisika zaka makumimakumi. Letty Lynton ya 1932 ya Joan Crawford khoti linagamula mu 1936 kuti inabera sewero la eni ake, ndipo kuchokera pamenepo kwa zaka zoposa 80 amene anaiona anaionera pa makope ozembetsa osaoneka bwino. Apa ndiye pooneka bwino kusiyana kwa otolera awiri. Amene anazembetsa kope lija n'kugawira anzake ndi amene anachititsa kuti filimuyo isaiwalike. Amene ali ndi kope n'kulikhalira akuchita zomwe zija za kampani, kungoti iye alibe maloya.

Pali mfundo ina yamphamvu imene amabwera nayo, ndipo ndi mkangano wakale. Henri Langlois, amene anayambitsa nawo Cinémathèque Française ku Paris mu 1936, ankakhulupirira kuti filimu iyenera kuonetsedwa, ndipo ankaonetsa chilichonse chimene wapeza. Ernest Lindgren wa nkhokwe ya mafilimu ku London ankati ayi, kope likakhala limodzi lokha silikuyenera kulowa mu pulojekita mpaka litakopedwa, chifukwa ulendo uliwonse limakalika, limaduka, mwinanso kupsa. Ndipo Lindgren sankanama, kusunga kwa Langlois kunali kwa chisawawa ndipo mu 1959 moto unamuwonongera mafilimu. Koma mbali inayi achinyamata amene ankadzaza holo ya Langlois ndi amene anadzasintha kanema wa ku France, anthu ngati Truffaut ndi Godard. Nthawi imeneyo mkanganowu unali weniweni, ukanandifunsa ine ndikanakanda mutu. Koma lero? Lero mpukutu amaudutsitsa kamodzi pa makina ojambula chithunzi chimodzichimodzi kulowa mu kompyuta, mpukutuwo n'kubwerera m'chipinda chozizira, kope la pa kompyuta lija n'kuonedwa ndi anthu miyandamiyanda popanda kukalika kulikonse. Ndiye munthu akamandiuza chaka chino kuti sindingatulutse kuopa kuwonongeka, ine ndimangomva kuti akuopa kuti ikatuluka iyeyo sakhalanso wapadera.

Wotolera amene ine ndimamuvulira chipewa ndi Shunsui Matsuda wa ku Japan. Kumeneko mafilimu akale anatha koopsa, chivomezi cha 1923 ndi mabomba a nkhondo zinasesa zambiri. Ndipo ku Japan filimu yosalankhula sinkaonetsedwa chete, pambali pa sikilini pankaima munthu wotchedwa benshi amene ankafotokoza nkhani ndi kulankhula mawu a anthu onse a mu filimumo, mwamuna iye yemweyo, mkazi wolira iye yemweyo, ndipo anthu ena ankalipira kutsatira benshi osati filimu. Amene munakulira m'mavidiyo sho a m'matauni mwathu muno, momwe mnyamata amathira Chichewa pa filimu ya ku China n'kuwonjezera zake mpaka holo yonse kugwa ndi phwete, mukudziwa kale mmene zimakhalira. Matsuda anali benshi, ndipo nkhondo itatha anayendayenda kutolera mipukutu imene inatsala, koma sanaikhalire, mu 1959 anayambitsa gulu loonetsa mafilimuwo kwa anthu pafupipafupi iye mwini akuwalankhulira, n'kuphunzitsanso achinyamata luso lija, mmodzi mwa iwo Midori Sawato. Chifukwa cha anthu otere filimu ngati The Water Magician ya 1933 ya Kenji Mizoguchi, ya mkazi wochita masewero a madzi amene akulipirira sukulu mnyamata wosauka mpaka mnyamatayo adzakhale woimira boma pa mlandu wakupha wa mkazi yemweyo, imaonedwabe ndi mawu a benshi mmene anthu a nthawiyo ankaionera.

China chimene kubisa kumachita n'chakuti kumatinamiza za ubwino wa filimu. Chinthu chikasowa anthu amachikometsera m'mutu. Tinene zoona, Beyond the Rocks itatuluka ine ndinaona kuti ndi filimu yapakatikati, zovala zokongola, nkhope ziwiri zokongola, koma moto weniweni pakati pa awiriwo ndi wochepa. Pamene Lucky Star ya 1929 ya Frank Borzage, imene nayonso inkaganiziridwa kuti inatayika mpaka inapezeka ku Amsterdam komweko, eee imeneyo ndi nkhani ina. Charles Farrell wabwera ku nkhondo miyendo itafa, ali pa njinga ya olumala m'kanyumba kake, Janet Gaynor ndi kamtsikana kauve ka pafamu kogulitsa mkaka, kabodzanso pang'ono. Pali pena pamene mnyamatayo akumutsuka tsitsi ndi mazira, mtsikana akukwinya nkhope, tsitsi lija litauma onse awiri adabwa kuti kani ndi lowala chonchi, ndipo mnyamata uja mwadzidzidzi wazindikira kuti amene ali patsogolo pakeyu si mwana, manyazi amugwira. Palibe mawu, ndi maso basi. Nanga tikanadziwa bwanji kuti iyi ndi yoposa inzake ija zonse zikanakhala m'zitini? Pa mndandanda wa wotolera, ya Valentino ndi imene ikanakhala ya mtengo wapatali chifukwa cha mayina. Filimu imayesedwa ndi anthu akaiona, ndipo ina ikaonedwa mbiri yake imatsika, ndipo ndikuganiza kuti otolera ena zimenezi amazidziwa.

Koma kutulutsa kwakenso kukhale kwaulemu, apa ndiye ndimakangana ndi a mbali yanga. Pa YouTube pali makope ena omvetsa chisoni. Mafilimu ambiri osalankhula ankajambulidwa pa liwiro lochepera zithunzi 24 pa sekondi, ndiye munthu akaithamangitsa pa 24 anthu amayenda mothamanga ngati nthabwala, mayi akulira maliro iwe ukuseka. Wina amangotenga nyimbo iliyonse ya piyano n'kumata, nyimbo yosangalala pamene munthu akutsanzika. Makope ambiri akale analinso ndi mitundu yawo, ankawanyika mu utoto, usiku wabuluu, m'nyumba mwachikasu, moto wofiira, ndiye zimenezo zikachotsedwa usiku umaoneka ngati masana nkhani n'kusokonekera. Nanga izi zabwerazi zopaka mitundu ndi AI, nkhope zosalala ngati zidole, milomo yapinki, ayi ine zimenezo ndimatseka pompo, bandulo yanga siingathere pamenepo. Wojambula wa 1929 ankadziwa kuti akugwira ntchito ndi kuwala ndi mthunzi, anayatsa nyali zake moganizira zimenezo. Komabe mukandipanikiza kuti sankha pakati pa kope loipa ndi kusakhalapo kwa kope, ndisankha loipalo, chifukwa loipa limachititsa munthu wina kufunsa kuti kodi labwino lili kuti.

Ndipo chifukwa choopera maloya chikutha chaka ndi chaka. Ku America filimu ya nthawi imeneyo umwini wake umatha pakapita zaka 95, ndiye za 1927 zinamasuka mu 2023, za 1928 mu 2024, za 1929 mu 2025, choncho choncho, chaka chilichonse pa 1 January gulu lina limatuluka m'manja mwa makampani. Nkhokwe za mafilimu nazonso masiku ano zimalandira katundu wa anthu wamba ndi manja awiri, ndipo zikondwerero ngati cha ku Pordenone ndi cha ku Bologna ku Italy chaka chilichonse zimaonetsa zimene zapezeka kumene, holo yodzaza, woimba piyano ali pompo. Pali mafilimu amene anthu akudikirabe. The Divine Woman ya 1928 ya Greta Garbo chimene chilipo chachikulu ndi mpukutu umodzi wa mphindi 9 umene unapezeka ku Moscow. 4 Devils ya F. W. Murnau, ya 1928 yomweyo, muli Janet Gaynor, palibe amene waiona kwa zaka zambirimbiri. Ngati kope lili m'galaja mwa munthu, nthawi sikumudikira, nitrate ikusanduka ufa, ndipo ngakhale makope a 16mm aja amati ndi otetezeka ku moto nawonso akakalamba amayamba kununkha viniga n'kupindika. Ndipo mwini wake tsiku lomwe adzatsikire kuli chete, ana ake sadzaona chuma chilichonse, adzaona zitini zadzimbiri zonunkha zimene zikutchinga poimika galimoto, nyumba ikufunika kugulitsidwa mwezi womwewo, ndipo si banja lililonse limene lidzaganize zoimbira foni ku miyuziyamu.